Chaka Chimene Alamu Anatsitsa Mtengo wa Masikono

Disembala akafika, masitolo a ku Salima amapachika nsalu zolembedwa kuti mitengo yatsika, ndipo ana anga amabwera kudzandiuza ngati kuti andibweretsera uthenga wabwino. Ine ndimangoti pitani mukagule, ndalama ndi zanu. Koma mawu amenewo ndinayamba kuwawerenga kale, asanafike n'komwe m'masitolo akuno. Ndinawawerenga pa thabwa lokhomedwa pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi khomo langa, ndipo amene anawalemba ndi makala anali alamu anga.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira pa khomo limenelo. Kwathu ndi ku Chitala, koma ndinakwatira chakunyanja, m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wochokera ku siteshoni. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali khukhi pa hotela ina ya azungu kugombe. Ntchito ndinkaidziwa. Buledi wanga ankamuyamikira alendo ochokera ku Lilongwe ndi ku Zomba, ena mpaka kupempha woti azikadya m'njira pobwerera. Koma pa zaka zonsezo sindinaoneko Khirisimasi ngakhale imodzi. Nthawi imeneyo ndi imene azungu ankadzaza hotela kudzasambira, ife tili m'khitchini thukuta kamukamu, kuwotcha nkhukundembo, kusenda mbatata, kukwecha mapoto. Belu la tchalitchi ndinkalimvera kutali, mpeni uli m'manja.

Chaka china, nkhondo yaikulu ija itatha, mwana wathu wachitatu anayenera kubatizidwa tsiku la Khirisimasi. Ndinapita kwa bwana wa hotela kukapempha theka la tsiku lokha. Anandiyankha m'Chinyanja chake chokhotakhota, osakweza n'komwe maso.

"Khirisimasi ndi ya alendo. Iwe udzapita Febuluwale."

Sindinatsutse. Ndinaphika, mwana anabatizidwa ine kulibe. Chaka chatsopano chitalowa, alendo atapita, ndinachapa epuloni yanga, n'kuisita, n'kukaiika pa tebulo lake. Bwana anaseka, nati ndidzabweranso, poti onse ochoka amabwera.

Uvuni ndinamanga ndekha kuseri kwa nyumba, ndi dothi la pachulu ndi zidutswa za njerwa, chitseko chake ndinadula ku mgolo wakale. Fulawa ndinkagula kwa mmwenye wina wa sitolo pafupi ndi siteshoni. Sikono imodzi ndinaiika pa kobiri limodzi. Inali sikono yeniyeni, yodzaza dzanja, ya shuga ndi mafuta a mtedza okwanira. Masiku a sitima ndinkamanga dengu pa njinga kupita ku siteshoni, masiku ena ku Lifuwu, ndipo nyengo ya thonje ndinkafika mpaka kwathu ku Chitala kumene anthu ankakhala atangolandira ndalama.

Miyezi yoyamba inandiopsa. Munthu wozolowera kulembedwa ntchito amadziwa kuti mwezi ukatha wina amuitana. Tsopano mwezi unkatha popanda wondiitana. Mvula ikagwa tsiku la sitima, dengu n'kubwerera losatha, panalibe wokamudandaulira. Koma panalibenso wondiuza kuti dzuka, khala, usapite. Khirisimasi yanga yoyamba ndinaphika tsiku loti mawa Khirisimasi, n'kuzimitsa moto. Anthu anagogoda m'mawa kufuna buledi, akazi anga n'kuwauza kuti eni ake akuvala jekete, akupita ku tchalitchi. Ndinaimba nyimbo zonse mokweza, ngakhale zina mawu ake ndinali nditawaiwala.

Amene anandilimbitsa kwambiri pa zaka zimenezo anali mayi wina wachisilamu wa ku Lifuwu, wamasiye, amene ankagulitsa tiyi kwa asodzi pansi pa chisakasa. Tsiku loyamba anaitembenuza sikono, naifunkhiza, nafunsa chimene ndimatupitsira. Ndinanena zoona, kuti ndimathira uchema pang'ono.

"Astaghafirullah! Mowa m'chakudya? Bwererani nazoni, akhukhi. Mukadzapeza njira ina mudzabwere."

Ndinabwerera ku njira ya ku hotela, ya madzi a mbatata ndi shuga osungidwa m'botolo. Ndinapita nalo botololo kukawaonetsa. Kuyambira pamenepo ankatenga madazeni awiri katatu pa sabata, osaphonya, ndipo sanandinenerereko mtengo ngakhale tsiku limodzi.

Patapita zaka zinayi, alamu anga anabwera kuchokera ku Joni. Anali mchimwene wamkulu wa akazi anga, mwini mbumba, atsibweni a ana anga. Anatsika sitima ndi suti, njinga yatsopano, ndi galamafoni yopukusa. Sanali munthu woipa ayi. Anali wanthabwala, wopatsa, wodziwa kukamba nkhani mpaka anthu kuiwala kuti akupita kumunda. Atakhala miyezi ingapo anayamba kumabwera kuseri kwa nyumba kudzaonerera ndikukanda, kenako anapempha kuti ndiwaphunzitse. Mkamwini sakaniza mwini mbumba chinthu chotere, komanso ndinkawakonda. Ndinawaonetsa zonse, kakandidwe, kayesedwe ka moto ndi dzanja, ngakhale chinsinsi cha botolo lija. Mwezi wa Okutobala anamanga uvuni wawo kutsidya kwa msewu. Sindinadandaule. Ndinati odutsa pamsewu ndi ambiri, tonse tidya. Nkhuni tinkagula ngolo imodzi n'kugawana.

Sabata yoyamba ya Disembala ndinatuluka m'mawa n'kupeza thabwa lija pa mtengo wa mango. Linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: SELO! MASIKONO AWIRI KOBIRI LIMODZI. Pansi pake panali dengu, pambali galamafoni ikulira, alamu ali chilili atavala chipewa chawo cha ku Joni. Ndinawoloka msewu.

"Alamu, selo ndiye chiyani?"

"Ndi nzeru ya ku Joni imeneyi, alamu. Khirisimasi ikayandikira masitolo onse amatsitsa mitengo. Anthu amadzaza mpaka pakhomo. Munthu akazolowera kugula kwa iwe sachokanso, ngakhale udzakweze pambuyo pake."

"Nanga fulawa wotsika mtengo mwamupeza kuti?"

"Kwa mmwenye yemweyo."

"Ndiye inu mudya chiyani?"

Anasisita thumba la jekete, namwetulira. Anati adakali ndi kangachepe ka ku migodi kopirira nako mpaka anthu awazolowere. Anandiuzanso kuti ndisakwiye, malonda ndi choncho, ubale uli pamalo pake.

Masiku atatu ndinapirira. Ndinkakhala pakhonde kuyang'ana anthu amene ndinawagulitsa zaka zinayi akudutsa khomo langa maso ali kumbali. Ena ankandipatsa moni ali kutsidya, sikono za alamu zili m'manja. Nthawi imeneyo sitima inkatsitsa anthu obwera kutchuthi kuchokera ku Halale ndi ku Joni, ndalama zili m'matumba, ndipo ndi nyengo imene ndinkadalira chaka chonse. Tsiku lachinayi ndinapita ku siteshoni, alamu nawonso anafika ndi thabwa lawo atalimangirira pa njinga. Dengu lawo linatha sitima isananyamuke. Langa ndinabwerera nalo monga ndinapitira.

Mtima unandipsa. Ndinazula thabwa pa khola la abakha, n'kulemba ndi makala kuti kwa inenso awiri ndi kobiri. M'mawa mwake alamu anafufuta lawo, nalemba asanu pa makobiri awiri. Ine ndinalemba atatu pa kobiri limodzi. Anthu ankaima pakati pa msewu kuwerenga uku ndi uku, akuseka, ena kubwerera kunyumba kuti adikire mawa poti mwina zitsikanso.

Atatu pa kobiri sizikanatheka ndi sikono imene ndinkaidziwa. Ndinayamba kudula mtanda timibulu ting'onoting'ono. Ndinachepetsa shuga, ndinachepetsa mafuta, kenako ndinayamba kusakaniza fulawa ndi ufa wa chimanga. Tinkaphika katatu pa tsiku. Mvula inali itayamba, nkhuni zonyowa, utsi uli tolotolo. Akazi anga anasiya kubzala kumunda kuti azindithandiza kukanda, mikono inawatupa. Madengu ankathadi, koma ndikapita kukagula fulawa ndinkapeza kuti zonse zimene ndagulitsa zikuthera pa kauntala pomwepo.

Mmwenye uja, poona kuti tonse awiri tikubwera kawirikawiri, anakweza fulawa pang'ono. Nditadandaula, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Inu ndi mlamu wanu mwandipatsa Khirisimasi yabwino, ngakhale ine sindidya Khirisimasi. Koma ndikuuzeni, bambo. Ine ndikafuna kutsitsa mtengo, ndimatsitsa mipango imene yakhalitsa pa shelefu mpaka kusuluka. Munthu akabwera kudzagula mpango amagulanso mchere ndi palafini. Inu akabwera kudzagula sikono, mumamugulitsanso chiyani?"

Ndinasenza thumba langa n'kutuluka, ndikumutukwana chamumtima, pamene munthuyo ananena zoona.

Kutatsala masiku asanu kuti Khirisimasi ikwane, ndinapalasa kupita ku Lifuwu. Sabata yonse ndinali ndisanapiteko chifukwa cha mpikisano wa pamsewu. Ndinafika dzuwa litakwera, asodzi atakhala pa mabenchi akuyanika makoka. Ndinatsitsa dengu monyadira, n'kuuza mayi a tiyi aja kuti lero alandira katatu pa ndalama yomweyo. Anatenga imodzi, naiyeza pa chikhatho. Anainyema, naiviika mu tiyi. Inasungunuka n'kumira pansi pa kapu ngati phala.

"Iyi si sikono yanu, akhukhi."

"Ndi yanga, amayi. Mtengo ndatsitsa, ndi nyengo ya Khirisimasi."

"Ndinakupemphani kuti mutsitse? Anthu angawa amadya imodzi m'mawa n'kukoka khoka mpaka nthawi ya swala ya masana. Izi ngakhale adye zisanu adzakomoka m'madzi. Wallahi, kuli bwino ndiwaphikire chinangwa. Bwererani nazoni."

Sanakalipe. Analankhula monga munthu wouza mnzake kuti malaya ang'ambika kumsana. Ndinamanganso dengu pa njinga.

Njira ya ku Lifuwu ili ndi mchenga, malo ena umatsika n'kumakankha. Nditatopa ndinakhala pansi pa mtengo wa mgwalangwa, n'kutenga sikono imodzi kuti ndilawe. Masiku onsewo ndinali ndisanaikeko m'kamwa. Inali ngati chigumu chophikidwa ndi munthu wokwiya. Zaka zisanu ndi zinayi pa hotela sindinatulutsepo chinthu chotere m'khitchini, ndipo akanandilamula kutero ndikanakana. Tsopano ndinachiphika ndekha, pa uvuni wanga, popanda wondikakamiza. Ndiye ndinaona kuti wondikakamiza analipo. Linali thabwa la kutsidya kwa msewu. Ndilo linkandiuza nthawi yodzuka, kuchuluka kwa shuga, kukula kwa mbulu, ngakhale tsiku loti akazi anga apite kumunda. Ndinachoka kwa mzungu kuti ndizidzilamula, n'kudzapezeka ndikulamulidwa ndi makala a alamu.

Nditafika kunyumba ndinazula thabwa langa, n'kuliwaza ndi nkhwangwa, n'kuliponya mu uvuni. Masikono aja tinadyetsa abakha. Akazi anga anandiyang'ana ndikuyeza fulawa wosasakaniza, shuga wodzaza kapu monga kale.

"Ndiye mugulitsa bwanji, bambo?"

"Imodzi kobiri."

"Pamene achimwene ali pa asanu? Anthu akusekani."

"Aseke."

"Ndipo achimwene adzati mukuwanyoza, mukuuza anthu kuti zawo ndi zachabechabe."

"Sindinena kanthu za zawo. Ndikunena za zanga."

Anasekadi anthu. Ankati akhukhi akudzimva uzungu, masikono awo ali ndi golide m'kati. Wina anaima pakhomo n'kufunsa ngati ndikugulitsa ndi mbale yomwe. Tsiku loyamba ndinagulitsa zosakwana dazeni. Anagula ndi agogo ena opanda mano amene ankati za kutsidya zimawapweteka nkhama, ndi kalaliki wina wa ku njanji amene anagula mwakachetechete ngati akuba.

Tsiku lachiwiri alamu anawoloka msewu. Nkhope inali itagwa, maso ofiira ndi utsi. Nawonso mpikisano unali utawapweteka. Anakhala pa mpando, akazi anga anawapatsa madzi.

"Alamu, tiyeni tigwirizane. Tonse tikhale pa awiri kobiri mpaka chaka chatsopano. Mukakhala pa imodzi, anthu akuti ine ndikugulitsa zonyenga."

"Bwererani pa imodzi inunso, muphike zenizeni. Tidzagawana anthu monga kale."

"Sindingathe. Ndinalemba pa thabwa, mudzi wonse unawerenga. Ndidzaoneka ngati mwana."

"Ndiye khalani pomwepo. Ine sinditsika."

Kenako alamu ananena mawu amene ndikudziwa kuti sanabwere nawo kuchokera kunyumba, anangowatulukira chifukwa cha kutopa.

"Musaiwale kuti pamene pali uvuni wanupa ndi pa dothi la amayi anga."

Akazi anga anagwira pakamwa. Ine ndinaimirira, n'kuwauza kuti uvuni ndi dothi ndi njerwa basi, akaufuna augumule lero lomwe, ndikamanga wina kwathu ku Chitala sabata isanathe. Ndinawaonetsa manja anga, ndinati awa okha ndi amene sanamere pa dothi la munthu. Anavala chipewa, nawoloka msewu osatsanzika.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto inaima pakhomo panga. Anatsika ndi bwana wa hotela uja, atanenepa, tsitsi litayera. Khukhi wake anali atathawa sabata yomweyo, alendo atadzaza zipinda zonse. Anayang'ana mathireyi anga odzaza, nayang'ana chigulu cha anthu kutsidya, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zonse popanda womuuza.

"Malonda avuta, eti? Kwera galimoto. Ndikupatsa malipiro oposa akale, ndi nyumba ya malata kuseri kwa khitchini."

Ndisaname, mtima unagwedezeka. Fulawa anali atatsala theka la thumba. Ana anali asanagulidwe kanthu kovala pa Khirisimasi. Akazi anga anaima pakhomo ndi lichero m'manja, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kuti ndiyankhe. Anthu a kutsidya anasiya kugula, onse maso kuno.

"Zikomo, bwana. Ntchito ndili nayo."

"Ntchito iti? Iyi yoyang'anira ntchentche?"

"Yomweyi."

Anapukusa mutu. Kenako anati chabwino, ndimugulitse buledi ndi masikono onse amene ndinali nawo, koma pa mtengo wa pa thabwa la alamu lija, poti akugula zambiri. Ndikanavomera ndikanapeza ya fulawa wina. Ndinati imodzi ndi kobiri, kaya agula imodzi kaya agula zonse. Anati ndine wouma mutu monga kale. Ndinati kale sindinali wouma mutu, ndinali wolembedwa. Bwana anawoloka msewu, nagula zonse zimene alamu anali nazo, mpaka kubwereka dengu lonyamulira. Galimoto itanyamuka, alamu anavula chipewa n'kundiweramira ali kutsidya, anthu n'kufa nako kuseka. Ndinalowa m'nyumba, koma sindinamve chisoni. Ndinamva ngati ndatula katundu.

Tsiku loti mawa Khirisimasi ndinapita ku Lifuwu ndi zonse zimene zinatsala pamodzi ndi zatsopano pang'ono. Mayi a tiyi anachita monga poyamba, kuyeza pa chikhatho, kunyema, kuviika. Sikono inamwa tiyi n'kukhalabe sikono.

"Alhamdulillah, mwabwerera. Ndipatseni madazeni anga awiri."

Anatenga awiri omwewo, osawonjezera ngakhale imodzi. Kwa iwo ndi asodzi awo mawa linali tsiku ngati lina lililonse, makoka alowa m'madzi, tiyi aphikidwa. Anandiuza kuti Lolemba ndisachedwe. Pobwerera ndinaganiza kuti anthu a Khirisimasi amabwera sabata imodzi pa chaka, pamene awa amadya chaka chonse, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuwataya pothamangira odutsa.

Zotsala zinali zambiri. Ndinazidula mapisi n'kuziumitsa mu uvuni moto utazilala, monga tinkachitira ku hotela pokonzera ana a azungu. Ndizo tinamwera tiyi pa Khirisimasi imeneyo. Ana anapita ku tchalitchi ndi zovala zakale zochapa bwino, mpunga tinadyera usipa m'malo mwa nkhuku. Wamkulu analira poona anzake atavala zatsopano, ndipo kulira kwake kunandipweteka kuposa kuseka kwa mudzi wonse. Tikubwera ku tchalitchi tinapeza utsi ukufuka kutsidya. Alamu ndi akazi awo anali akuphikabe, poti anthu anali pamzere, ndipo pa mtengo umenewo sakanatha kupuma tsiku limodzi.

Zouma zija zinanditsegulira kanjira kena kamene sindinakaganizire. Nditapita nazo zina ku Lifuwu, asodzi opita kutali ndi mabwato anazikonda poti sizichita nkhungu. Sizinandilemeretse, koma miyezi ya mvula zinkatigulira mchere ndi sopo.

Januwale atafika, alamu anatsitsa thabwa, nabwezera sikono pa kobiri. Mudzi unawaukira. Anthu omwe aja ankavina pa galamafoni ankati munthuyu wakweza mitengo pa nthawi ya njala, ndi wakuba, waphunzira nkhanza ku Joni. Ine amene ndinali pa kobiri lomwelo sankanditukwana, poti anali atandizolowera. Koma ndisanamizire kuti anathamangira kwa ine. Ambiri mwa iwo sanali odya masikono n'kale lomwe, anabwera chifukwa cha selo, selo itatha anabwerera ku mbatata ndi maungu. Ena amene anali anga enieni sanabwererenso, kaya chifukwa cha manyazi kaya chifukwa analawa zoipa zija za sabata imodzi. Zinanditengera pafupifupi chaka kuti malonda afike pamene anali.

Alamu anabwezeranso thabwa, awiri kobiri, masikono akucheperachepera. Febuluwale anagulitsa galamafoni. Malichi anagulitsa njinga, n'kumasenza dengu pamutu kupita ku siteshoni. Mvula itatha analembetsanso ulendo wa ku migodi, kusiya mkazi ndi ana anayi.

Apa pali chinthu chimene ndimadziimba nacho mlandu. Miyezi itatu imeneyo ndinkaona zonse ndili pakhonde. Ndikanatha kuwoloka msewu, kuwauza kuti zimitsani uvuni wanu, tiphikire pamodzi, inu muzipita ku siteshoni ine ku Lifuwu. Sindinawoloke. Mawu aja a dothi la amayi awo anali adakandikhala pakhosi. Akazi anga anandiuza zimenezi maso ndi maso, ndipo kwa miyezi iwiri ankangondipatsa chakudya ndi madzi osamba, nkhani ayi. Pa zimenezo anali olondola. Koma pa za mtengo sindinapepese kwa aliyense, ndipo sindidzapepesa.

Tsiku lonyamuka ndinawanyamulira sutikesi pa njinga yanga mpaka ku siteshoni. Tinayenda wapansi mbali ndi mbali, tikukamba za mvula ndi za thonje. Sitima itaimba, anandigwira dzanja.

"Koma ku Joni zimatheka, alamu. Ndinaziona ndi maso anga."

"Mwina kumeneko zimatheka. Muyende bwino. Ana tiwaona."

Tinawaonadi. Awiri anakulira m'nyumba mwathu. Alamu anabwerako ku migodi patapita zaka zinayi, nayamba kulima thonje, ndipo mtanda sanaukhudzenso. Tinkamwa tiyi pamodzi pakhonde langa mpaka ukalamba, nkhani ya thabwa osaitchula.

Anthu olembedwa ntchito akandiona ndatseka pa Khirisimasi amati ndili pabwino, ndimapuma ndikafuna. Sadziwa kuti tsiku limene ndatseka palibe amene amandilipira. Tchuthi cha munthu wodzilemba yekha amachigula ndi thumba lake, ndipo ine ndimachigula chaka chilichonse mosanyinyirika. Chimene ndinapeza pochoka ku hotela si kupuma. Ndi chakuti mtengo wa ntchito ya manja anga ndimautchula ndine, ndipo ndikautchula ndimaima pomwepo. Fulawa akakwera ndimakweza, n'kuwauza anthu chifukwa chake. Koma kutsitsa kuti ndikope munthu, kapena kuti ndigwetse mnzanga, ayi. Ukatsitsa lero, wauza wogula kuti dzulo unkamubera, ndipo ukadzakweza mawa adzati wayambanso.

Si kuti ndine woumira. Sabata ya Khirisimasi aliyense amene wandigula chaka chonse ndimamuikira basela, imodzi kapena ziwiri pamwamba, ndipo mayi a tiyi aja ndinkawapititsira buledi wamkulu pa Idi yawo mpaka pamene anamwalira. Basela ndi mphatso, imachoka m'dzanja langa kupita m'dzanja la munthu amene ndikumudziwa, iye n'kuthokoza. Silembedwa pa mtengo wa mango kuti aliyense wodutsa aiyese ngongole yake.

Disembala wotsatira, alamu ali ku migodi, ndinali kuseri ndikutulutsa mathireyi, akazi anga ali pakhonde ndi dengu. Ndinamva mawu a mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, munthu wokonda nthabwala, akufunsa mokweza kuti ena amve.

"Kodi amayi, chaka chino kulibe selo? Tayembekezera mwezi wonse."

Ndinaima ndi thireyi yotentha m'manja kuti ndimve. Chichokereni achimwene awo, akazi anga anali asananenepo mawu amodzi ondivomereza pa nkhani imeneyi.

"Selo inatitengera munthu ku Joni, aphunzitsi," anayankha. "Pano imodzi ndi kobiri. Mukufuna zingati?"

Mphunzitsi anagula ziwiri.